Mwanabere wopweteka ndi mwanabere wosapweteka

Ine ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo ku Siyaso, kuno ku Mbare. Mageti, mafelemu a mawindo, mbaula, ngolo, chilichonse chimene munthu wabwera nacho m'mutu. Agogo anga aamuna anachokera ku Dedza nthawi ya Mthandizi, bungwe lija linkatenga anthu kudzagwira ntchito kuno, ndipo ngakhale ndinabadwira mu Harare momwe muno, pakhomo pathu timayankhulabe Chichewa. Ndikulemba izi chifukwa m'nyumba mwathu munalowa anabere awiri, wina wanga, wina wa mayi a kunyumba, ndipo amene anatisowetsa tulo si amene anali woopsa.

Amene anafikako ku Siyaso akudziwa mmene pansi pake palili: zidutswa za malata, mawaya, misomali yopindika, zonse zosakanikirana ndi fumbi lakuda. Tsiku lina m'mwezi wa October, dzuwa likuswa mtengo, kachidutswa ka lata kanandicheka m'mbali mwa phazi lamanzere, chakumunsi kwa chala chaching'ono. Bala lake linali losanunkha kanthu. Ndinatsukapo, kumanga kansalu, n'kupitiriza geti la kasitomala. Patapita masiku ochepa ndinadzuka ndikumva kuwawa, osati kuphazi ayi, koma m'mphechepeche mwa mwendo womwewo. Pogwirapo panali chotupa chotentha, choterereka pansi pa chala, chowawa moti pokwera kombi ndinkachita kuukweza mwendowo ndi dzanja.

Mwamuna akatupa malo amenewo, nkhani sikhalanso ya thupi lake lokha. Anzanga a kuntchito anayamba kuseka kuti ndatola mabomu. Mayi a kunyumba sananene kanthu, koma kukhala chete kwawo kunandikwana. Azakhali anga a ku Mufakose atamva anabwera ndi lezala latsopano ndi kabotolo ka mankhwala akuda, akuti atemepo mphini magazi oipa atuluke.

Mwayi wanga, Lamlungu lomwelo kunabwera mwana wa mlongo wanga, amene amagwira ntchito mu labu yoyeza magazi ndi zina za odwala. Nditamufotokozera, sanafune n'komwe kuona chotupacho. Anangoti, "Amalume, tavulani nsapato ndione phazi." Atamasula kansalu kaja anapeza bala litafiira m'mbali, likutuluka timafinya. "Nkhani ili apa," anatero. "Kumtundako kwangofika uthenga."

Zimene anatifotokozera pakhonde tsiku limenelo, pamodzi ndi zimene ndinadzawerenga ndekha pambuyo pake, ndi izi.

M'khungu, m'kamwa, m'mphuno, m'mapapo, m'matumbo ndi kumaliseche, paliponse pamene thupi limakumana ndi zakunja, muli maselo otchedwa dendritic. Ambiri amapangidwa m'mafuta a m'mafupa, amayenda ndi magazi, n'kukakhazikika m'malo amenewo. Ali ndi timanja tambirimbiri totambasuka uku ndi uku, ndipo tsiku lonse amangokhalira kumeza timadzi ndi tizidutswa ta zinthu zimene zawazungulira. Kukakhala bata amakhala phee pamalo pawo, kupatula ochepa amene amanyamuka mwa apo ndi apo. Lata likang'amba khungu mabakiteriya n'kulowa, seloli limawazindikira msanga chifukwa pathupi pawo pali zinthu zimene thupi la munthu silipanga. Apo ndiye limasinthiratu khalidwe. Limachepetsa kumeza kuja, limaphwanya zimene lameza kukhala tizidutswa ting'onoting'ono, n'kutiyala pamwamba pa khungu lake kuti tizioneka. Kenako limamasuka pamene linagwirira, n'kuyamba ulendo.

Chimene chinandidabwitsa ine n'chakuti limadziwa bwanji kolowera, poti lilibe maso. Mwana wa mlongo wangayo anati kuwonjezera pa mitsempha ya magazi, thupi lili ndi timitsempha tina tonyamula madzi oyera otchedwa lymph. Madziwa amachucha kuchokera m'magazi kulowa m'minofu, ndipo timitsemphati timawatola kuti abwerere. Makoma a timitsemphati amatulutsa mankhwala ena otchedwa CCL21, amene amamatirira m'mnofu, ochuluka pafupi ndi mtsempha, ocheperachepera ukamatalikira. Selo la dendritic likadzidzimutsidwa ndi tizilombo limameretsa pakhungu pake kachinthu kotchedwa CCR7, kamene kamamva mankhwalawo. Ndiye limangokwawira mbali imene mankhwala akuchuluka, likudzifinya pakati pa ulusi wa mnofu, mpaka litafika pakhoma la mtsempha. Kumayambiriro kwake timitsemphati sitinatsekeke kotheratu, maselo a khoma lake amasiya timipata totseguka madzi akamalowa, ndipo selo lija limadzipanikiza n'kulowera pomwepo. M'kati limayamba lakwawabe pakhoma. Likafika m'mitsempha yokulirapo m'pamene madzi amalikokolola. Mitsempha ikuluikuluyi ili ndi mavavu oletsa madzi kubwerera m'mbuyo, ndipo popeza ilibe mtima woipopa, madzi amayenda chifukwa cha kufinyika kwa mitsemphayo payokha ndiponso kwa minofu munthu akamayenda.

Kuchokera kuphazi, mitsempha yambiri imakathera m'mphechepeche. Maselo ochokera m'kati mwa khungu amafika kumeneko patapita tsiku limodzi kapena awiri. Ena okhala pamwamba penipeni pa khungu, otchedwa maselo a Langerhans, amachedwerapo, masiku atatu kapena anayi, chifukwa amayenera kuyamba amasuka kwa maselo a khungu amene anagwirana nawo, n'kuboola kachikopa kolekanitsa khungu lakunja ndi lam'kati. N'chifukwa chake mwanabere satuluka tsiku lomwelo limene wavulala, ndipo akamadzatuluka ambiri timakhala titaiwala kale za bala.

Azakhali anadula mawu. "Ndiye iwe mwana, chotupachi chinachokera kuti ngati si magazi oipa?"

"Agogo, chinalipo kale," anayankha. "Inunso muli nacho. Munthu aliyense ali ndi anabere mazanamazana, ena amawerenga pafupifupi 600, m'khosi, m'khwapa, m'mphechepeche, m'chifuwa ndi m'mimba. Kungoti akakhala pa mtendere ndi aang'ono, sitiwamva."

M'kati mwa mwanabere ndi mmene mumakumana maselo a dendritic ndi maselo a T, aja timawatcha asilikali a m'thupi, amene ena mwa iwo ndi ma CD4 omwe ambiri timawadziwa chifukwa cha HIV. Selo la dendritic likafika limayamba lagwera m'kampata ka pansi pa chikopa cha mwanabere, kenako n'kukwawira m'kati, likutsatabe mankhwala omwe aja pamodzi ndi ena ofanana nawo otchedwa CCL19, mpaka pamene pamasonkhana maselo a T. Maselo a T-wo salowera njira imeneyi. Iwo amachokera m'magazi, kudzera m'timitsempha tapadera tolowa m'mwanabere, amazungulira kwa maola angapo, akapanda kupeza kanthu amatuluka kupita kwa mwanabere wina. Selo la T lililonse limadziwa mtundu umodzi wokha wa kachidutswa, ndipo pa maselo 100,000 mwina ndi limodzi lokha, kapenanso osakwana, limene lingazindikire kachidutswa ka bakiteriya amene walowa kuphazi kwanga.

Apa ndinamva msanga, chifukwa ndi zimene ndimaona tsiku ndi tsiku. Munthu galimoto yake ikathyoka bawuti sanyamula galimoto yonse. Amatenga kachitsulo kothyokako, kukwera kombi, kudzafika ku Siyaso kumene kwadzaza ogulitsa, n'kumayenda nako shedi ndi shedi, aliyense akugwira, kutembenuza, kupukusa mutu, mpaka atapeza mmodzi amene ali ndi kofanana nako. Akanakhala pamsewu pomwe galimoto yafera, akanadikira chaka wogulitsa woyenerayo asanadutsepo. Selo la dendritic limodzi limatha kugundana ndi maselo a T mazana ngakhale masauzande pa ola limodzi, ndipo likapeza loyenera amagwirana kwa maola ambiri. Silimangoonetsa kachidutswako, limaperekanso chizindikiro chakuti chinthuchi n'choopsa ndiponso mtundu wa nkhondo imene ikufunika. Popanda chizindikiro chimenecho selo la T silichita kanthu. Ochepa aja amene amanyamuka kukakhala bata amanyamula tizidutswa ta thupi lomweli popanda chizindikiro cha ngozi, ndipo potero amaphunzitsa asilikali kuti asamaukire mwini wake.

Kutupa kumabwera motere. Uthenga ukafika, magazi opita kwa mwanabere amachuluka, maselo ambiri amalowa, ndipo kwa kanthawi njira yotulukira imatsekeka kuti aliyense aone kaye kachidutswa kaja. Selo la T limene lazindikira limayamba kugawikana, limodzi kukhala awiri, awiri kukhala anayi, mpaka masauzande. Maselo a B, mtundu wina wa asilikaliwa, nawo amachulukana n'kuyamba kupanga ma antibody, zida zomatirira pa tizilombo. Zonsezi zikuchitika m'kathumba kokhala ndi chikopa cholimba, ndiye chikopacho chikakokeka mofulumira, munthu umamva kuwawa. Pakatha pafupifupi sabata, asilikali atsopanowo amatuluka, amakwera ndi mitsempha ya lymph mpaka pansi pa khosi pamene madziwa amathira m'magazi, ndipo magazi amawatengera kubala kuja. Selo limene linabweretsa uthengalo silibwerera. Limafera momwemo pakapita masiku ochepa.

Lezala la azakhali linabwerera m'chikwama, ngakhale sanakhutire kwenikweni. Ine sindinyoza mankhwala a makolo, ndakulira momwemo, koma pa ichi ndimaima nji: kutema mphini pa mwanabere ndi kutsegula bala latsopano pamalo pamene thupi likugwira ntchito, ndipo tizilombo tolowera pa mphinizo tikathera mwa mwanabere yemweyo. Kufinya ndi kutsina nakonso sikuchotsa kanthu. M'mawa mwake ndinapita kukiliniki. Anamwino anatsuka bala, anandibaya jakisoni wa kafumbata, n'kundipatsa mankhwala opha mabakiteriya chifukwa kufiira kunali kutayamba kufalikira. Anandichenjeza kuti ndikaona mzere wofiira ukukwera mwendo kuchokera pabala, kapena ndikayamba kunjenjemera ndi kutentha thupi, ndibwerere tsiku lomwelo, chifukwa pamenepo ndiye kuti mabakiteriya enieniwo alowa mumtsempha ndipo akhoza kufika m'magazi. Anandifunsanso mosabisa za zilonda kumaliseche, poti nakonso kumathira madzi ake m'mphechepeche momwemo, ndipo anzanga aja sankanama kuti matenda opatsirana pogonana amatupitsa pamenepo. Bala litayamba kuuma chotupa chinaphwa, kunangotsala kanthu kakang'ono kolimba kamene ndimakamvabe ndikafufuza. Akuti anthu oyenda kwambiri opanda nsapato ambiri ali nato totere.

Nkhaniyi inandilowa m'mutu moti usiku magetsi akazima ndinkawerenga pafoni. Maselo a pamwamba pa khungu aja anawaona koyamba Paul Langerhans mu 1868, ali mwana wa sukulu ya udokotala ku Berlin, koma poona timanja tawo anaganiza kuti ndi a mitsempha yomvera kukhudza. Panapita zaka zoposa 100 mpaka 1973, pamene Ralph Steinman ndi Zanvil Cohn a pa Rockefeller University ku New York anafotokoza maselo a dendritic atawapeza m'kapamba wa mbewa. Kwa zaka zambiri akatswiri anzawo ankakayika ngati maselo ochepa chonchi angakhale ofunika. Za CCR7 zinatsimikizika mu 1999, akatswiri a ku Germany ataweta mbewa zopanda kachinthuka: maselo a dendritic a mbewazo ankalephera kuchoka pakhungu kupita kwa anabere, ndipo chitetezo chawo chinkachedwa kudzuka. Steinman anapatsidwa mphoto ya Nobel mu 2011, koma anamwalira pa 30 September, kutatsala masiku atatu kuti alengeze, ndipo komitiyo inalengeza isakudziwa kuti munthuyo wapita. Ankadwala khansa ya pancreas, chiwalo cha m'mimba chothandiza kugaya chakudya, ndipo mwa mankhwala amene anayesa pathupi pake panali akatemera opangidwa ndi maselo ake omwe a dendritic.

Ukadziwa kumene madzi a mbali iliyonse amathira, zambiri zimayamba kumveka. Dzanja, mkono ndi bere zimathira m'khwapa. Mano, m'kamwa ndi kummero zimathira pansi pa chibwano ndi m'khosi. Khungu la m'mutu limathira kuseri kwa makutu ndi kunkhongo, n'chifukwa chake mwana wa chipere kapena zilonda za m'mutu amakhala ndi timibulu kumeneko. Katemera naye amadalira ulendo womwewu. Ambiri amene tinabayitsa wa COVID-19 atayamba kuperekedwa muno mu February 2021 tinamva ena akudandaula za m'khwapa mwa mkono wobayidwawo, ndipo zinkatha zokha. Khanda likalandira BCG, katemera wa TB uja amene anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1921, nthawi zina m'khwapa mwa mbali yomweyo mumatupa patapita milungu kapena miyezi. Kawirikawiri zimaphwa zokha, koma n'zokaonetsa kukiliniki, makamaka pakafewa ngati pali mafinya kapena ngati mayi ali ndi HIV.

Njira imeneyi ilinso ndi okwera mozemba. HIV ikalowa kumaliseche, maselo a dendritic ndi ena mwa oyamba kukumana nayo, ndipo amatha kuinyamula ikadali yamoyo mpaka kwa mwanabere, kumene kwadzaza ma CD4 omwe kachilomboka kakufuna. Zimenezi zimatenga masiku ochepa chabe. Ndiye mukamva achipatala akunena kuti mankhwala a PEP, oteteza munthu kuti asatenge HIV, ayambidwe pasanathe maola 72 munthu atagwiriridwa, kondomu itaphulika kapena atabayidwa ndi singano yogwiritsidwa kale ntchito, si lamulo longopeka. Akuthamangitsana ndi ulendo umenewu, ndipo ola lililonse ndi lofunika. Mankhwalawo amamwedwa masiku 28. Maselo a khansa nawonso amadutsa m'mitsempha yomweyi, ena mpaka amameretsa CCR7 yemweyo, ndipo n'chifukwa chake poyeza bere anamwino amapisanso dzanja m'khwapa.

Tsopano za mayi a kunyumba. Iwo amagulitsa kaunjika ku Mupedzanhamo, m'chigulu cha anthu ndi fumbi la mabelo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Patatha chaka ndi miyezi kuchokera pa bala langa lija, tsiku lina akumanga duku anandiitana. "Bambo, tagwirani apa." Kumanja kwa khosi, chakumunsi kwa khutu, kunali kambulu. Ndinakanikiza, ndikuyang'ana nkhope yawo. Sanatsinzine n'komwe. "Sikakuwawa," anatero, ndipo anapitiriza kumanga duku lawo.

Chinthu chosawawa sichithamangitsa munthu, makamaka amene tsiku lililonse losapita kumsika ndi ndiwo zosagulidwa. Koma ine ndinali nditaphunzira funso limodzi: uthengawu wachokera kuti? Tinafufuza m'mutu, kuseri kwa khutu, m'kamwa. Panalibe bala, dzino lobooka, chimfine kapena zilonda za kummero. Kukiliniki anawapatsa mankhwala opha mabakiteriya, anamaliza onse, kambulu kali pomwepo. Kenako pambali pake panatuluka kena, ndi kenanso, ndipo tinayamba kugwirana kukhala chinthu chimodzi chabumphubumphu chosasuntha bwino. Madzulo thupi linkafunda pang'ono. Usiku ankadzuka malaya atanyowa ndi thukuta ngakhale kunali kozizira mwezi wa June. Siketi imene inkawathina inayamba kufuna chipini. Kutsokomola kunalibe ngakhale pang'ono, ndipo n'chifukwa chake palibe amene ankaganizira za TB.

Mwana wa mlongo wanga atabwera anagwira khosilo nthawi yaitali, ndipo ulendo uno panalibe nthabwala. "Azakhali, ichi si cha mapiritsi ongoyesa ayi. Pakufunika atengeko timadzi ta m'katimo akaone." Anatiuza zimene iwo a chipatala amaopa: mwanabere amene wapitirira milungu itatu kapena inayi osaphwa, amene akukulirakulira kupitirira masentimita awiri, wolimba kapena womatirira, wosawawa, wobwera ndi thukuta la usiku ndi kuwonda. Anatchulanso malo amodzi amene sadikira nawo n'komwe, m'kadzenje ka pamwamba pa fupa lopingasa la pansi pa khosi, chifukwa kumeneko kumathira madzi ochokera m'chifuwa ndi m'mimba. Zoyambitsa zimene amaziganizira kuno kwathu ndi TB, HIV, khansa ya anabere yotchedwa lymphoma, khansa ina yotchedwa Kaposi sarcoma, kapena khansa yochokera kwina. Ndi maso ndi zala zokha palibe dokotala angasiyanitse zonsezi motsimikiza.

Tinabwerera kukiliniki ndi mawu amenewo, n'kupempha kalata yopita kuchipatala chachikulu. Pano ndipereke langizo limodzi lochokera pa zimene tinaona: mukakafika, nenani zonse motsatana musanafunsidwe, kuti chotupa chinayamba liti, mankhwala ati mwamwa osathandiza, za thukuta, za kuwonda. Mzere umakhala wautali, ndipo amene wangoti "khosi latupa" sachedwa kubwerera ndi mapiritsi omwe aja.

Kuyezako ndinaonerera ndili chapakhomo. Adokotala anapukuta khosi ndi mankhwala, anagwira chotupacho pakati pa zala ziwiri, n'kulowetsa singano yopyapyala yofanana ndi yotengera magazi. Anaiyendetsa pang'ono m'kati akukoka sirinji, ndipo munalowa zinthu zoyera motuwira, zonona, zochepa kwambiri. Zina anapaka pa timagalasi, zina anathira m'kabotolo kopita ku makina oyeza TB otchedwa GeneXpert. Zonse sizinatenge nthawi yophika tiyi, ndipo mayi anati jakisoni wa m'thako amawawa kuposa pamenepo. Anawajambulanso chifuwa, anatenga makhololo, ndipo tonse awiri anatiyeza HIV, monga amachitira ndi aliyense woganiziridwa TB. Zotsatira za kuyeza kumeneko ndi nkhani ya m'nyumba mwathu, koma ndikulimbikitsa kuti musakane, chifukwa chithandizo chimasintha malinga ndi zimene zapezeka.

Makina anapeza TB, ya mtundu womva mankhwala. M'mapapo munalibe chooneka. Tinadabwa, chifukwa kwa ife TB inali chifuwa basi, ya anthu otsokomola amene amagonekedwa kuchipatala cha ku Beatrice Road. Adokotala anati mwa TB yonse yogwira kunja kwa mapapo, ya anabere ndi imene imapezeka kwambiri, ndipo malo ake okonda ndi m'khosi. Mmene imafikira kumeneko ndi nkhani yomwe ija ya ulendo. Munthu akapuma kachilombo ka TB, maselo omeza tizilombo a m'mapapo amakameza koma amalephera kukapha, chifukwa kali ndi chikopa chamafuta ndipo kamadziwa kukhala moyo m'kati mwa selo lomwe lakameza. Maselo a dendritic amakanyamula kamoyo kupita kwa anabere a m'chifuwa, ndipo TB imachedwetsa ulendowo, moti asilikali amadzuka patapita milungu, kachilombo katachulukana kale. Kuchokera pamenepo kakhoza kufalikira ndi lymph kapena magazi kwa anabere ena. Thupi likalephera kukapha limakazinga ndi khoma la maselo, ndipo kakhoza kukhala mmenemo zaka zambiri mpaka tsiku limene chitetezo chafooka. Pakati pa khomalo mnofu umafa n'kusanduka zoyera zija tinaziona mu sirinji. Popeza zonsezi zimachitika pang'onopang'ono, chikopa cha mwanabere chimatambasuka mosakokeka mwadzidzidzi, ndipo munthu samva kuwawa.

Mankhwala ake ndi omwe aja a TB ya m'mapapo, miyezi isanu ndi umodzi. Miyezi iwiri yoyamba ndi mitundu inayi yophatikizidwa m'piritsi limodzi, rifampicin, isoniazid, pyrazinamide ndi ethambutol, kenako miyezi inayi ya rifampicin ndi isoniazid. M'zipatala za boma ndi za khonsolo mankhwalawa salipiritsa, koma konzekerani ndalama ya kombi ndi ya zoyeza zina. Anatiuziratu kuti mkodzo, thukuta ngakhale misozi zidzafiirira chifukwa cha rifampicin, ndipo tisaope. Zoopa ndi maso achikasu, kusanza kosalekeza, zidzolo thupi lonse kapena kusaona bwino, zimenezo ndi zobwerera nazo msanga. Anawapatsanso pyridoxine woteteza dzanzi la m'mapazi. TB ya anabere yokha, popanda ya m'mapapo, kawirikawiri sipatsirana, choncho mbale ndi makapu sitinapatule, ngakhale anatifunsa tonse a m'nyumba ngati wina akutsokomola, poti mayiwo anaitenga kwa munthu.

Chimene chinatsala pang'ono kutisokoneza chinabwera m'mwezi wachiwiri. Thukuta linali litasiya, chakudya chikulowa, nkhope ikubwerera. Mwadzidzidzi chotupa chija chinakula kuposa kale, chinafiira, chinafewa, ndipo tsopano chinayamba kuwawa. Azakhali a ku Mufakose anati, "Mwaona? Mankhwala a chizungu akuchiputa." Mayi nawo anafooka mtima, akuti bwanji ndingosiya. Tinapita kukafunsa tsiku lawo lisanakwane. Adokotala anati zimenezi zimachitika kwa odwala TB ya anabere ambiri ndithu: mankhwala akamapha tizilombo, tizidutswa take timachuluka, chitetezo chimene chinali chofooka chimadzuka n'kulimbana nato mwamphamvu, ndiye mwanabere amatupa ngakhale matenda akugonja. Anafunsa ngati sanadumphitse kumwa, anaonanso zotsatira zoyamba zija kutsimikiza kuti si TB yosamva mankhwala, kenako anapopa mafinya ndi singano kuti pasaphulike pokha, poti bala la TB likaphulika lokha limachedwa kupola ndipo limasiya chipsera chachikulu. Mankhwala sanasinthe ngakhale limodzi. Pofika mwezi wachinayi khosi linali litaphwa, ndipo atamaliza yonse isanu ndi umodzi anawatulutsa m'kaundula ngakhale panatsala kambulu kolimba, akuti ndi chipsera cha m'kati, si chifukwa chowonjezerera mankhwala.

Pali chinanso chimene anamwino anawakokera pambali mayi kuwauza tsiku loyamba, ndipo anandilola kuti ndichilembe. Rifampicin amafulumizitsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena, ndipo mwa iwo muli mapiritsi olera ndi kolera koika pamkono. Mayi amene akudalira zimenezi akhoza kutenga pathupi ali pakati pa mankhwala a TB osadziwa chachitika n'chiyani. Jakisoni wa miyezi itatu, lupu ndi makondomu ndi zimene anatiuza kuti tisankhepo mpaka patapita milungu ingapo mankhwala atatha. Amene akumwa ma ARV nawonso anene msanga, chifukwa ena mwa iwo, monga dolutegravir, amafunika kuwonjezera mlingo nthawi yonse imene munthu ali pa rifampicin.